Zomba Si Kutali



Abale athu a ku Mangochi, Namwera ndi Makanjira, mukamabwera kuno ku Blantyre kudzapikula katundu kapena kudzazonda odwala, njira yanu imadzera pa Liwonde ndi pa Zomba. Basi ikaima pa Zomba mumagula nthochi ndi chimanga chootcha pa windo, kondakitala n'kumenya chitseko, ulendo n'kupitirira. Kodi ndi angati mwa inu amene muli ndi mbale kapena mnzanu m'tauni imeneyi, koma chaka ndi chaka mumangomudutsa, mumtima mukuti, "Ndidzatsika ulendo wina"? Sindikufunsa ngati munthu wosalakwa ayi. Ineyo ndinatha zaka 8 osaponda pakhomo pa mnzanga wa ponda apa nane mpondepo, chikhalirecho pakati pa nyumba yake ndi yanga palibe ngakhale makilomita 70. Lero ndati ndikusimbireni za tsiku limene ndinanyamuka kukamuona, ndi zimene ndinakapeza.

Mbale imodzi

Ndimakhala ku Chinyonga, pakati pa Blantyre ndi Limbe, komwe ndimaphunzitsa ana pa madrasa masana akaweruka ku sukulu. Mnzangayo, amene dzina lake ndilisunga, tinakumana ku koleji ya Chisilamu tili anyamata osamera ndevu. Iye ndi wamkulu kwa ine ndi chaka chimodzi, motero ndimamutcha achimwene. Bedi lake linali pamwamba pa langa, ndipo nsima ya nyemba tinkadyera m'mbale imodzi. Chaka chachiwiri ndinadwala malungo kwa masabata awiri. Iye ndiye ankandichapira zovala, kunditungira madzi ndi kundikopera maphunziro a galamala ya Chiarabu m'kope langa kuti ndisatsalire. Tsiku lina potsekera sukulu, ndalama yoyendera itachedwa kuchokera kwathu, anagawa yake pakati, iye n'kutsikira panjira, mtunda wotsalawo n'kumaliza wapansi.

Titamaliza maphunziro, iye anabwerera kwawo ku Chinamwali mu mzinda wa Zomba, ine ndinapeza malo kuno. Tsiku lomaliza kuonana maso ndi maso linali la nikaha yanga. Kuchokera pamenepo ubale wathu unasamukira m'foni. Lachisanu lililonse tinkatumizirana mafuno abwino pa WhatsApp, pa Idi tinkaimbirana, ndipo funso linali limodzi, yankho limodzi: "Muli bwanji kumeneko?" "Tili bwino, Alhamdulillah."

Chaka chatha bambo ake anamwalira. Uthenga unandipeza ndili m'kalasi. Ndinalemba mau achipepeso, abwino ndithu, osanjidwa mwaluso monga munthu wophunzira, ndipo iye anayankha kuti, "Zikomo achimwene." Ine ndinadziona ngati ndakwaniritsa udindo. Koma madzulo ake mayi a kunyumba anandifunsa akupakula chakudya:

"Kodi amwalimu a ku Zomba aja mwawapepesa?"

"Ndawalembera," ndinatero.

"Sindinafunse za kulemba ine," anayankha, osaonjezeranso mau ena.

Ndinalonjeza kuti ndipita mwezi ukatha. Mwezi unatha, kunabwera mayeso a ana. Mayeso atatha kunabwera mvula, mvula itatha kunabwera Ramadhani. Mukudziwa nokha kuti waulesi zifukwa sizimuthera.

Funso la mwana

Amene anandidzutsa ndi mwana wa zaka 12. Tsiku limenelo ndinkaphunzitsa kalasi la ana okulirapo za swala ya munthu wapaulendo, kuti amaloledwa kufupikitsa maraka anayi kukhala awiri, koma malinga ndi chiphunzitso cha Imam Shafi'i chimene ambiri timatsata kuno kwathu, mtunda wake uyenera kupitirira pang'ono makilomita 80. Mtsikana wina anakweza dzanja.

"Amwalimu, nanga ndikapita ku Zomba kwa azakhali, ndingafupikitse?"

"Ayi mwanawe," ndinayankha msangamsanga. "Ku Zomba ndi pafupi. Umenewo sunakwane kutchedwa ulendo."

Mau atangotuluka pakamwa, anandibwerera ngati mwala woponyera m'mwamba. Malo amene malamulo sawawerengera n'komwe kuti ndi ulendo, ine ndinawasandutsa kutsidya kwa nyanja. Usiku womwewo ndinamuimbira mnzanga kumuuza kuti Loweruka ndikubwera. Anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Musavutike achimwene, zinthu zadula masiku ano. Ife kuno tili bwino." Kale ndikanagwira mau amenewo ndi manja awiri. Ulendo uno ndinangoti, "Insha Allah tionana."

Kuchoka ku Chinyonga

Loweruka nditaswali Subuhi, mayi a kunyumba anandipatsa jumbo momwe munali shuga, masamba a tiyi, sopo ndi mandasi amene anakazinga usiku. Ndinayenda wapansi kukafika pa msewu waukulu wa Masauko Chipembere, mbali ya Chichiri ili kumbuyo kwanga. Pamenepo ndinakumbukira kuti koleji ya Chancellor inayambira pa Chichiri pompano m'chaka cha 1965, ndipo inasamukira ku Zomba mu 1973. Ndinaseka ndekha. Sukulu yathunthu, ndi mabuku ake, mipando ndi aphunzitsi, inatha kuyenda njira imeneyi, pamene ine munthu mmodzi wa jumbo imodzi ndinkaiona ngati phiri.

Ku Limbe oitanira anandilandira ngati mfumu. "Zomba! Zomba! Atsala awiri!" Amene munakwerapo minibasi mukudziwa kuti "atsala awiri" amatanthauza chiyani. Anthu ena amene ndinawapeza atakhala m'katimo anali ongodzazitsa mipando kuti galimoto ioneke ngati yatsala pang'ono kunyamuka, ndipo wapaulendo weniweni akalowa, mmodzi wa iwo ankatsika mwakachetechete. Tinadikira mphindi pafupifupi 40. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Titatuluka m'Limbe tinadutsa pa Kachere, ndipo dzinali linandikumbutsa mwambi wa makolo woti apao ndi mizu ya kachere, amakumana pansi. Akuluakulu amatanthauza kuti abale, ngakhale aoneke otalikirana, amalumikizana mosaonekera. Koma m'mawa umenewo mwambiwu unandiopsa mwa njira ina. Ndinadzifunsa kuti, ngati ndipitiriza kuzengereza chonchi, kodi ine ndi mnzanga sitidzakumanadi pansi, kumanda, tisanaonanenso pamtunda?

Msewu umenewu, umene pa mapu umatchedwa M3, ndi wodzaza ndi mbiri. Mukadutsa pa Mapanga mumafika pa Njuli, pomwe amaphwanya miyala yomangira, ndipo kudzanja lamanja phiri la Chiradzulu limakuperekezani kwa nthawi yaitali. M'boma limeneli ndimo muli Mbombwe, komwe John Chilembwe anali ndi mishoni yake. Mukapitirira Mbulumbuzi mumatsikira pa Namadzi, kumalire kwa maboma a Chiradzulu ndi Zomba, pomwe pamapatukira njira ya ku Magomero. Ku Magomero ndi komwe Bishopu Charles Mackenzie anamanga mishoni mu 1861, ndipo ndi komwenso anthu a Chilembwe anathira nkhondo pa esiteti ya A. L. Bruce usiku wa pa 23 January 1915, atatopa ndi nkhanza za thangata. Anthu a masiku amenewo, ochita zabwino ndi zoipa zomwe, mitunda yonseyi ankaiyenda ndi mapazi, katundu ali pamutu. Ife timaidutsa titakhala pampando, koma timadandaula kuti ndi kutali.

Pafupi nane panakhala gogo wina wachimuna atafungatira nkhuku yomanga miyendo. Titapatsana moni anandiuza kuti akupita kwa mlongo wake kufupi ndi Thondwe, ndipo kuti amatero mwezi ndi mwezi chimwalirireni mlamu wake.

"Bwanji osangowaimbira foni, agogo, kuti musamavutike?" ndinafunsa, ndikudziwa bwino kuti ndikudzifunsa ndekha.

Anandiyang'ana kuyambira pa chisoti mpaka ku nsapato. "Foni ndinali nayo, mwana wanga," anatero. "Koma pa foni aliyense ali bwino. Mlongo wanga angandiuze pa foni kuti denga likudontha? Angandiuze kuti ufa watha? Zimenezo amaona ndi maso." Anatsika tisanafike pa msika wa Thondwe, nkhuku yake ikulira, ine n'kutsala ndi mau ake.

Mzinda wa m'tsinde mwa phiri

Mukadutsa Thondwe, dera limene kulinso malo a kafukufuku wa zaulimi a Makoka, phiri la Zomba limayamba kukula patsogolo panu mpaka kutseka kumwamba. Nsonga yake imapitirira mamita 2,000, ndipo pamwamba pake pali damu la Mulunguzi limene limamwetsa mzinda wonse. Polowa m'tauni mumalandiridwa ndi chipilala chachitali chokhala ndi wotchi, chokumbukira asilikali a King's African Rifles. Ambiri mwa asilikali amenewa anali Ayao, agogo athu, amene anatengedwa kukamenya nkhondo za maiko akutali.

Zomba ndi mzinda waung'ono koma wachikulire. Unali likulu la dziko lino kuyambira mu 1891, nthawi ya Harry Johnston, mpaka mu 1975 pamene likulu linasamukira ku Lilongwe. Nyumba ya Malamulo inatsalabe kuno kufikira mu 1994. Pa kalembera wa 2018 mu mzindawu munapezeka anthu opitirira pang'ono 105,000, pamene mu Blantyre munali pafupifupi 800,000. Kusiyanaku mumakumva m'makutu. Ku Limbe munthu amalankhula mokuwa kuti amveke, pamene ku Zomba ndinamva mbalame zikulira m'mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa msewu, ndili pakati pa tauni. Pa msika ndinagula mabulosi a kuphiri oti ndikapatse ana, kenaka ndinakwera njinga ya kabaza kulowera ku Chinamwali, kumene kuli m'mbali mwa msewu womwewo wopita ku Liwonde. Wotchi inali isanakwane 10 koloko. Kuchotsapo nthawi yodikira ku Limbe, ulendo wonse umene ndinauopa zaka 8 unali wa ola limodzi ndi theka.

Zimene foni inabisa

Nyumba ndinali nditaiwala, koma nditangofunsa za amwalimu, kamnyamata kena kananditsogolera. Ndinapereka salamu ndili pa mpanda. Mau amene anayankha ndinawazindikira, koma munthu amene ndinamuona pakhonde ndinachita kumuyang'ana kawiri. Anali atakhala pamphasa, mwendo wakumanzere atautambasula pa pilo, ndodo ziwiri zoyendera zili chotsamira khoma. Anali ataonda kwambiri. Anayesa kudzuka kuti andilandire, ine n'kumugwira paphewa.

"Achimwene, n'chiyani ichi?"

"Ndi zazing'ono," anatero akumwetulira mwamanyazi. "Khalani pansi, mwayenda bwanji?"

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono, tiyi ali patsogolo. Bambo ake atamwalira, makomo awiri anatsamira pa iye: lake, ndi la mayi ake kumene kulinso ana awiri a malemu mlongo wake. Kangachepe kamene mphunzitsi wa madrasa amalandira, inu makolo mumakadziwa. Motero anabwereka njinga yamoto n'kuyamba kunyamula anthu m'mawa, masana n'kumaphunzitsa. Tsiku lina mvula ikugwa njinga inaterereka, mwendo n'kuthyoka pawiri. Anagona m'chipatala masabata atatu, ndipo pa tsiku limene ndinafikali n'kuti patatha miyezi itatu asakuyenda. Miyezi itatu yonseyo, Lachisanu lililonse, ankandiyankha kuti, "Tili bwino, Alhamdulillah."

"Bwanji simunandiuze?" ndinafunsa, mtima ukuwawa.

"Ndikanayambira pati?" anatero. "Munthu amene sanaone khomo lako zaka zonsezi, ungayambe ndi kumuuza mavuto? Zikanaoneka ngati ndikupempha."

Tili pomwepo mayi ake anatulukira kuseri kwa nyumba atatsamira ndodo. Ndinagwada kuwapatsa moni. Anandigwira dzanja nthawi yaitali osalisiya, akundiyang'anitsitsa.

"Ndinu amwalimu aja munkadya m'mbale imodzi ndi mwana wangayu?"

"Ndine ndemwe, amayi."

"Tinakuyang'anani pa maliro. Tinakuyang'anani pa sadaka ya arubaini. Bambo anu aja ankakutchulani kawirikawiri, amvekere, mnyamata wa malungo uja ali kuti?"

Awerengi, ine ndimaima pamaso pa ana tsiku ndi tsiku kuwaphunzitsa za ulemu ndi ubale, koma pamenepo ndinasowa chonena. Zifukwa zonse zija, mayeso, mvula, kudula kwa zinthu, zinauma pakhosi. Ndinangoti, "Ndinalakwa amayi, mundikhululukire. Pepani ndi maliro." Iwo anagwedeza mutu nati, "Mwabwera, basi. Chibale ndi fupa, sichiola. Koma njira ikapanda kupondedwa imamera udzu." Atatero anaitana alamu kuti ateleke madzi a nsima.

Nthawi ya Zuhri itakwana tinaswali pakhonde pomwepo, iye chokhala, ine choimirira, maraka anayi athunthu, popeza monga ndinamuuza mwana uja, sindinali wapaulendo. Chakudya chitabwera, alamu anabweretsa mbale ziwiri, koma mnzanga anabweza imodzi. Tinadyera m'mbale imodzi ngati kale. Ndiwo zinali matemba a ku Chilwa otendera, ndipo mayi anatisimbira kuti malemu anali msodzi pa doko la Kachulu mpaka pamene nyanjayo inaphwa mu 1995, banja n'kusamukira m'tauni. Anati itaphwanso mu 2018 malemu anapita kukaona, nabwerako osalankhula tsiku lonse. Inu a kunyanja mukumvetsa bwino chimene chimachitika mumtima mwa msodzi akaona ngalawa zitakhala pa matope ouma. Nkhani imeneyi mnzanga sanandiuzepo pa zaka zonse za ku koleji. Ndinaimva chifukwa ndinakhala pa mphasa ya kwawo.

Cha m'ma 2 koloko ana anayamba kufika ndi mabuku awo, pakuti chivulalireni kalasi lake linasamukira pakhondepo, ndipo Loweruka amabwezera masiku amene anataya ali m'chipatala. Ndinamupempha kuti apume, ine ndigwire kalasi. Anagona chagada akumvetsera, ndipo nditalakwitsa dzina la mwana wina anaseka mpaka kutsokomola. Alamu anandinong'oneza pambuyo pake kuti chichitikireni ngozi anali asanamve kuseka koteroko.

Ndalama zambiri ndinalibe. Zimene ndinali nazo ndinazigawa pakati, monga iye anachitira tsiku lija, ndipo atafuna kukana ndinamukumbutsa za mtunda umene anayenda wapansi chifukwa cha ine. Ndinamupemphanso chilolezo choti ndidziwitse anzathu ena a ku koleji. Anakana kawiri, kachitatu anavomera. Sabata yotsatira awiri a iwo anafika, mmodzi kuchokera ku Liwonde, wina ku Balaka, ndipo onsewo anadabwa monga ndinadabwira ine.

Kubwerera

Nditaswali Asri ndinatsazika. Mayi anandipatsa kathumba ka mpunga wa kudambo la Chilwa, ndipo nditati asavutike anandidzudzula kuti mlendo sabwerera chimanjamanja. Minibasi ya madzulo sinachedwe kudzaza. Dzuwa linkalowa tikudutsa pa Njuli, ndipo Isha inandipeza ndili pakhomo panga ku Chinyonga. Mayi a kunyumba analandira mpunga uja, nandiyang'ana kumaso.

"Mwawapeza bwanji?"

"Sali bwino," ndinayankha. "Koma tsopano ndikudziwa."

Abale ndi alongo, sindikunyoza foni ayi. Ndi foni yomweyo imene inandiuza za maliro, ndipo kwa amene ali ndi ana ku Johannesburg kapena ku Cape Town ndi chithandizo chachikulu. Koma foni imanyamula zokhazo zimene munthu wasankha kunena, ndipo anthu athu, makamaka abambo, anaphunzitsidwa kubisa mavuto. Mwendo wothyoka, thumba la ufa lopanda kanthu, mayi wokalamba amene akudikira chipepeso, zonsezi sizikwana m'mau oti "tili bwino".

Kwa amene nkhaniyi yawakumbutsa munthu wina, ndili ndi malangizo ochepa ochokera pa kulakwa kwanga. Choyamba, tchulani tsiku. "Ndidzabwera" si lonjezo, koma "ndikubwera Loweruka" ndiye lonjezo. Chachiwiri, dziwitsani eni khomo musanapite, koma akati musavutike, mvetserani bwino, chifukwa nthawi zina mau amenewo ndi manyazi chabe. Chachitatu, musadikire kuti mupeze mphatso yaikulu. Paketi ya shuga ndi nkhope yanu n'zokwanira. Chachinayi, nyamukani m'mawa kuti mubwerere kusanade, ndipo musalemetse banja limene mwina likuvutika kale. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Pomaliza, ngati n'kotheka tengani mwana mmodzi, kuti adziwe njira ya kwa anzanu inu muli moyo.

Ulendo wachiwiri ndinapita ndi mwana wanga wamwamuna. Tinapeza achimwene ataima pa mpanda ndi ndodo imodzi yokha, akutidikira. Ndipo inu a ku Mangochi, ulendo wina basi ikadzaima pa Zomba, kapena pa Liwonde, kapena pa Ulongwe, pamene pali munthu wanu, tsikani. Basi ina ibwera.